Seva yathu yapeza dzina: zomwe ndakhala ndikulemba masabata awiriwa

Lolemba, sabata yoyamba

Ndayamba kulemba izi chifukwa amene ankagwira ntchitoyi ndisanabwere sanasiye kapepala ngakhale kamodzi, ndiye sindikufuna wobwera pambuyo panga adzavutike momwe ndavutikira ine. Ntchito yake ndi ya kopaletivi ina ya alimi, ali ndi webusayiti yaing'ono komanso kapulogalamu kolemberamo mamembala ndi matumba omwe aliyense wabweretsa, zonsezi zikusamukira pa seva yatsopano yomwe tachita lendi, VPS ya Ubuntu 24.04. Ku ofesi kulinso kompyuta yakale ya pa tebulo yomwe tikufuna izisunga ma backup. Dzina lenileni la domain yawo sindilemba pano, paliponse pomwe mukuona example.org dziwani kuti ndalowetsapo dala, dzina limenelo linapatulidwa kale mu 1999 kuti lizigwiritsidwa ntchito pa zitsanzo ngati izi. Ma IP nawonso chimodzimodzi, 203.0.113.10 si yathu yeniyeni.

Nditalowa koyamba pa SSH, njira yolowera pa makina uli kutali, seva ikudzitchula kuti ubuntu basi. Kompyuta ya ku ofesi nayonso ubuntu. Ndiye ukatsegula mawindo awiri a terminal onse akuti root@ubuntu, ndipo tsiku lina munthu udzafufuta zinthu pa makina olakwika uli ndi chikhulupiriro chonse kuti uli pa oyenera. Ichi nchifukwa chake ndayambira pa dzina ndisanayike china chilichonse.

Tinakambirana ndi amayi omwe amayang'anira ofesi kuti makinawa tiwatche mayina a chani. Iwo amafuna ng'ona, akuti chifukwa imakhalitsa ndipo siigona tulo, ndinawauza kuti dzinalo ndi labwino koma kachizindikiro kali pakati pa ng ndi ona ko sikaloledwa. Hostname, dzina lomwe makina amadzitchula, imangolola zilembo a mpaka z, manambala, ndi kamzere kapakati, ndipo kamzereko sikangakhale koyambirira kapena komalizira. Kamzere kapansi kaja ayinso. ŵ wathu wa mu Malaŵi nayenso salowa mwachindunji, pa domain amachita kumusandutsa chinthu choyamba ndi xn-- chomwe palibe angachiloweze pamtima. Chigawo chilichonse cha dzina, kuchoka pa dontho kufika pa dontho lina, chisapitirire zilembo 63, ndipo dzina lonse lisapitirire 253. Ukachotsa kachizindikiro kaja pa ng'ona utsala ndi ngona, zomwe sizikutanthauzanso kanthu. Tagwirizana mayina a mitengo. Ya pa intaneti ndi mbawa, ya ku ofesi ndi mlombwa, ikadzabwera yachitatu idzakhala mkungudza.

Ine sindikonda kutcha seva dzina la ntchito yake ngati web kapena database chifukwa ntchito zimasamuka, lero webusayiti ili apa mawa ili pena, koma makina ndi omwewo. Dzina la ntchito tidzaliyika ku DNS, dongosolo lomwe limasandutsa mayina kukhala ma IP, komwe kusintha nkosavuta.

Komandi yake ndi imodzi:

sudo hostnamectl set-hostname mbawa

Imalemba mu /etc/hostname ndipo imasinthanso dzina lomwe kernel ikugwiritsa ntchito pompo, osafunika kuyambitsanso makina. Ungotuluka nkulowanso kuti lioneke pa terminal. Pali kanthu kena kabwino, hostnamectl ili ndi dzina lina lomwe amati pretty, limenelo limalola mipata ndi zizindikiro zonse, ndiye ya ku ofesi ndidzailembera pamenepo kuti Ng'ona ya ku ofesi, amayi aja asangalale.

Lachiwiri

Mmawa ndangolemba sudo apt update, yaima kaye masekondi angapo kenako ikuti sudo: unable to resolve host mbawa. Komandiyo imagwira ntchito ndithu koma uthengawu ukukuuza kuti seva ikudziwa dzina lake koma sikudziwa kuti dzinalo likupezeka pa adiresi iti. Apa ndi pomwe ambiri timasokonekera ndipo ine ndomwe zinanditengera nthawi kuti ndizimvetse bwino: dzina la seva silikhala malo amodzi. Pali lomwe imadzitchula yokha, pali lomwe lili mu /etc/hosts, pali lomwe dziko lonse likulidziwa ku DNS, palinso lomwe IP yake imayankha ukaifunsa chobwerera. Zili ngati munthu amene kwawo amamuitana dzina lina, pa chiphaso pali lina, ku tchalitchi analembetsa linanso. Ukasintha limodzi enawo sadziwa, palibe amawauza.

Mu /etc/hosts ndasiya mzere wa 127.0.0.1 localhost momwe ulili, ndakonza wachiwiri:

127.0.1.1 mbawa.example.org mbawa

Dongosolo la mawu pamzerepo ndilofunika. Dzina lalitali liyambe, lalifupi litsatire, chifukwa hostname -f imatenga loyambalo ngati dzina lathunthu. Ndinayesa dala kuwatembenuza kuti ndione, hostname -f inangoyankha mbawa basi popanda domain. 127.0.1.1 yo ndi chizolowezi cha Debian ndi ana ake ngati Ubuntu, amachita zimenezo kuti dzina la makina lizipezeka ngakhale netiweki palibe. Seva yokhala ndi IP yosasintha ukhoza kulembapo IP yeniyeniyo, ena amatero, ine ndasiya 127.0.1.1 pakadali pano.

Fayilo imeneyi ndimailemekeza chifukwa ndi gogo wa zonsezi. DNS isanabwere, makompyuta onse a pa ARPANET mayina awo ankakhala mu fayilo imodzi yotchedwa HOSTS.TXT yomwe gulu la Elizabeth Feinler linkasamala ku SRI ku California, ndipo aliyense ankachita kukoperako. Makina atachuluka zinakanika, ndiye Paul Mockapetris anabweretsa DNS mu 1983. Koma kafayilo kaja sikanafe, kali pa Linux iliyonse mpaka lero ndipo nthawi zambiri ndi komwe kamafunsidwa koyamba. Mukatsegula /etc/nsswitch.conf pa mzere wa hosts muona mawu oti files ali kutsogolo kwa dns, tanthauzo lake ndi lomwelo.

Chinthu china chomwe ndikufuna wobwera pambuyo adziwe. dig ndi nslookup, makomandi ofunsira mayina, siziwerenga /etc/hosts, zimapita ku seva ya DNS. Ukafuna kuona zomwe mapulogalamu a pa makinawo akuona gwiritsa ntchito getent hosts mbawa. Pa Ubuntu zimasokonezanso pang'ono chifukwa /etc/resolv.conf imaloza 127.0.0.53, yemwe ndi systemd-resolved, ndipo iyeyo amawerenga /etc/hosts, ndiye dig wamba akhoza kukupatsa yankho lochokera mu fayiloyo iwe nkumaganiza kuti lachokera kunja. Ukafuna za kunja zenizeni lemba dig @1.1.1.1 kapena @8.8.8.8. Komanso resolv.conf yo musamailembe pamanja, ndi link chabe, zomwe mwalemba zidzafufutika. Ma DNS omwe seva ikugwiritsa ntchito amaoneka ndi resolvectl status.

Lachitatu

Ndayambitsanso seva pambuyo pa ma update, uthenga wa sudo uja wabwereranso. Kutsegula /etc/hosts, mzere wanga palibe, pabwerera zakale. Ndinakhala kaye phee. Kenako ndawerenga mizere ya pamwamba pa fayiloyo yomwe dzulo ndinangoidumpha, ikunena poyera kuti manage_etc_hosts ili True ndipo cloud-init, pulogalamu yomwe imakonza VPS ikamayaka, izilemba fayiloyi mwatsopano nthawi zonse makina akayaka. Zinalembedwa pomwepo kuyambira pachiyambi.

Njira zilipo ziwiri, kuzimitsa manage_etc_hosts kapena kukonza template yomwe cloud-init imakoperako. Ndasankha yachiwiri chifukwa lamulolo likhoza kukhala likuchokera kwa eni VPS osati mu fayilo ya pa makina, ndiye kulizimitsa mu cloud.cfg sikungathandize. Ndatsegula /etc/cloud/templates/hosts.debian.tmpl nkulemba mzere wanga uja momwemo. Ndawonjezeranso preserve_hostname: true mu kafayilo kanga ka mu /etc/cloud/cloud.cfg.d/ kuti dzinalo asaligwirenso. Ndayambitsa kawiri motsatizana, zonse zakhala. Kuyambira lero chilichonse chomwe ndasintha pa seva iyi sindinena kuti chatheka ndisanaiyambitsenso, bola igwe lero ndili pompa kusiyana nkudzagwa usiku wina patatha miyezi itatu nditaiwala zomwe ndinachita.

Lachinayi ndi Lachisanu

Masiku awiriwa sanali a terminal, anali a mafoni. Domain ya kopaletivi inalembetsedwa pa imelo ya munthu payekha, yemwe anachoka kale, ndipo palibe ku ofesi amadziwa pasiwedi. Ndinayang'ana pa whois ndinaona kuti yatsala miyezi iwiri kuti ithe, mtima unagunda. Dzina limeneli lili pa zikwangwani, pa malisiti, pa makalata onse omwe anatumiza kwa ogula, likatha nkutengedwa ndi wina ndiye kuti zaka zonsezo zapita, ndipo maimelo a anthu akhoza kumakafika kwa mlendo. Bambo wapampando anachita kumuimbira okha munthuyo, mwamwayi anayankha bwino ndipo Lachisanu masana tinalowa. Ndasintha imelo kukhala ya bungwe, ndayika chitetezo chachiwiri cha pa foni, ndipo ndawapempha akomiti kuti alipire zaka zingapo pakamodzi. Nkhani iyi imandipweteka chifukwa ndi mabungwe ambiri ang'onoang'ono omwe dzina lawo la pa intaneti lili m'thumba mwa munthu mmodzi, osati mwa nkhanza ayi, kungoti tsiku lolembetsa palibe anaganiza za mawa.

Nditalowa ndapeza TTL, nthawi yosungira yankho, ya marekodi onse a DNS ili 86400, amenewo ndi masekondi a tsiku lathunthu. Kutanthauza kuti aliyense amene wafunsa dzinali amasunga yankholo maola 24 asanafunsenso. Anthu amakonda kunena kuti DNS ikufalikira, dikirani, koma palibe chimafalikira, ndi mayankho akale omwe anasungidwa m'maseva osiyanasiyana akudikira kuti nthawi yawo ithe. Ndiye sindinasinthe IP ayi, ndangotsitsa TTL kufika 300, mphindi zisanu, nkusiya. Ndiyenera kudikira tsiku lonse kuti 86400 yakale ija ithe kaye paliponse, kenako ndikadzasintha IP aliyense adzatsatira m'mphindi zochepa, ndipo zikadzalakwika ndidzabwezanso m'mphindi zochepa.

Zomwe ndawonjezera lero ndi za seva yokha, rekodi ya A ya mbawa.example.org yoloza adiresi ya IPv4 203.0.113.10 ndi AAAA yoloza ya IPv6 2001:db8::10. Apa ndapunthwa pang'ono. Ndinali nditafunsa kale dzinali ndi dig ndisanalilembe, kungofuna kuona, ndiye seva ya DNS ya netiweki yanga inasunga yankho loti dzinali kulibe. Eee, ngakhale kulibe amasungidwa. Nthawi yake imachokera mu rekodi ya SOA, yomwe imasunga mfundo za domain yonse, kwa ife linali ola limodzi. Pa 1.1.1.1 dzina likuoneka bwinobwino, pa laputopu yanga NXDOMAIN, kutanthauza kuti kulibe. Ukakayika funsa maseva eni ake a domain, dig NS example.org ikupatsa mayina awo kenako uwafunse mwachindunji, zomwe anena amenewo ndiye zoona zake, ena onse akungobwereza zomwe anamva.

Loweruka

Magetsi anathima mmawa wonse, laputopu inatha moto. Palibe chomwe ndachita kupatula kujambula pa pepala kuti dzina liti likuloza kuti.

Lolemba, sabata yachiwiri

Tsiku losamuka. Ndadzuka 5 koloko kuti ndisinthe anthu asanayambe kulowa. example.org yopanda www ndaipatsa A yoloza seva yatsopano. Apa CNAME, rekodi yoloza dzina lina mmalo mwa IP, siingatheke, chifukwa CNAME siikhala limodzi ndi rekodi ina iliyonse pa dzina lomwelo, ndipo pa mutu pa domain pamakhala kale SOA ndi NS, kwa ifenso MX ya maimelo. Za www ndi mamembala.example.org ndazipanga CNAME zoloza mbawa.example.org, ndiye tsiku lomwe kapulogalamu ka mamembala kadzasamukire pa mkungudza ndidzangosintha mzere umodzi.

Kadontho kanandigwira. Tsamba la DNS lomwe tikugwiritsa ntchito limalemba monga zone fayilo yeniyeni, ndiye ukalemba mbawa.example.org popanda dontho kumapeto limaganiza kuti sunamalize nkukuwonjezera domain, zotsatira zake www inkaloza mbawa.example.org.example.org. Ndinaziona msanga pa dig chifukwa ndinayang'ana yankho lonse osati +short yokha. Kadontho kamodzi kumapeto, basi zatheka. Masamba ena amakuyikira okha, ena ayi, ndiye ukalemba rekodi uifunse pompo uone mmene yatulukira.

Ku Nginx, pulogalamu yomwe imapereka masamba a webusayiti, ndapanga ma server block awiri, wina server_name example.org www.example.org, wina mamembala.example.org. Nginx alibe nazo ntchito kuti hostname ya makina ndi mbawa, iye amayang'ana dzina lomwe browser yatumiza nkuliyerekeza ndi server_name, likapanda kufanana ndi lililonse amapereka block yomwe ili default_server, kapena yoyamba ngati sunasankhe. Sindikufuna munthu wongolemba IP azifika pa tsamba lolowera mamembala, ndiye ndapanga block yachitatu ya default yomwe imangodula ndi return 444. nginx -t kaye, kenako reload.

Satifiketi ya HTTPS, yobweretsa kaloko pa adiresi mu browser, ndi yomwe yadya mmawa wonse. certbot, pulogalamu yopempha satifiketi kwa Let's Encrypt, yakana katatu, uthenga wake ukusonyeza kuti Let's Encrypt ikufika pa adiresi ya IPv6 yomwe si yathu. Kupita kukaona, example.org inali ndi AAAA yakale yoloza komwe webusayiti inkakhala poyamba, ine ndinangosintha A yokha. Let's Encrypt ikapeza AAAA imayamba kuyesa imeneyo, ndiye inkagogoda pa khomo lakale komwe kulibe fayilo yotsimikizira kuti dzinali ndi lathu. Pa laputopu yanga zonse zinkaoneka bwino chifukwa netiweki yomwe ndili nayo ilibe IPv6, koma aliyense wokhala nayo akanamaona webusayiti yakale mpaka kalekale ife osadziwa. Ndakonza AAAA, ndaonetsetsanso kuti mu block iliyonse muli listen [::]:80, chifukwa kulemba AAAA pomwe Nginx sakumvera pa IPv6 ndi vuto lomwelonso. Ndinaima pa katatu chifukwa ukalephera kasanu pa ola limodzi pa dzina lomwelo amakutsekera kaye, kuyambira pamenepo ndinkayesa ndi certbot certonly --dry-run yomwe imapita ku seva yawo yoyeserera. Itadutsa ndiye ndinapanga yeniyeni. Satifiketi ndi ya masiku 90, systemctl list-timers ikusonyeza kuti ya certbot ilipo ndipo izidzikonzanso yokha, koma popeza Let's Encrypt anasiya kutumiza maimelo ochenjeza mu June 2025 ndiyenera kuyika kanthu kanga kondiuza ikatsala pang'ono kutha.

Pofika 10 koloko amayi a ku ofesi anatsegula pa foni yawo nkuona kaloko pa adiresi. Anandiimbira kuti achimwene zatsegukatu, ndipo mayina a mamembala onse alipo. Ndinapuma.

Chinanso chaching'ono, SSH pa laputopu inakuwa kuti REMOTE HOST IDENTIFICATION HAS CHANGED nditalowa ndi example.org, ndi zoyenera chifukwa dzina ndi lomwelo koma makina ndi ena. Ndinatsimikiza fingerprint kudzera pa console ya VPS kenako ssh-keygen -R example.org. Musamangofufuta uthengawu osayang'ana, tsiku lina udzakhala ukunena zoona.

Lachiwiri

Imelo. Kapulogalamu ka mamembala kamatumiza malisiti ndi uthenga wosinthira pasiwedi, ndinayesa kudzitumizira pa Gmail osafika. Apa ndi pomwe dzina lachinayi lija, lomwe IP imayankha ukaifunsa chobwerera, likulowa. dig -x 203.0.113.10 inayankha dzina lalitali la manambala lomwe eni VPS anangoyikapo, osati mbawa. Rekodi imeneyi ndi PTR ndipo siikhala mu domain yathu, imakhala kwa mwini IP, ndiye ngakhale utafufuza tsamba lonse la komwe unagula domain suipeza, uyenera kupita pa tsamba la VPS. Ndailemba kuti mbawa.example.org, ya IPv6 nayonso. Cholinga nchoti zizungulire bwino, dzina lipereke IP, IP ibweze dzina lomwelo. Kuyambira February 2024 Gmail imafuna zimenezi kwa aliyense wotumiza, kuphatikiza SPF kapena DKIM, zotsimikizira kuti kalata yachokeradi ku domain yomwe ikutchula, ndipo otumiza ambirimbiri amawafunanso DMARC, rekodi youza wolandira chochita ndi kalata yomwe yalephera kutsimikizika.

Postfix, pulogalamu yotumiza maimelo pa seva, nayenso anali ndi dzina lakale chifukwa anabwera kale mu image ya seva, postconf myhostname inkati ubuntu, /etc/mailname chimodzimodzi. Ndiye seva yathu inkapereka moni kwa maseva ena ndi dzina lomwe kulibe kulikonse. Ndakonza zonse ziwiri. Ndinayendanso grep -rw ubuntu mu /etc kuti ndione komwe dzina lakale latsalira, zambiri zomwe zinatuluka ndi za ma repository zomwe sizikukhudzana, koma ndi njira yokhayo yodziwira.

Zonsezi zitatha imelo osatulukabe, mu log mukuti connection timed out pa port 25. Ambiri obwereketsa ma VPS amatseka port imeneyi pa maakaunti atsopano poopa otumiza zinyalala, ndipo sindikuwadandaula. Ndaganiza kuti ndisalimbane nazo. Maimelo a kopaletivi ali kale ndi kampani yomwe imawasunga, ndiye Postfix azingopereka makalata kwa iwo kudzera pa port 587 ndi akaunti yake, relayhost basi. MX sindinaigwire nkomwe. SPF ndinapeza ilipo kale ndipo ikutchula kampani yomweyo, ndiye sindinawonjezere yachiwiri, domain imodzi imayenera kukhala ndi rekodi ya SPF imodzi yokha, zikakhala ziwiri zonse zimaonongeka. Lisiti loyamba lafika mu inbox madzulo ano. PTR ija sinapite pachabe, ikadali yothandiza ukamawerenga ma log kapena traceroute.

Lachinayi

Ndinali ku ofesi tsiku lonse ndi mlombwa. hostnamectl ndi /etc/hosts zinatenga mphindi ziwiri popeza njira ndikuidziwa tsopano, ndipo kuno kulibe cloud-init yolimbana nayo. Funso linali loti makina a mkati mwa ofesi akhale pansi pa domain iti. Amene ankagwira ntchitoyi ndisanabwere anayika ofesi.local pa makompyuta awiri, ndipo amayi aja akuti kuyambira kale printa imapezeka lero mawa osapezeka. .local si yongotola, inapatulidwira mDNS, ija ya Avahi pa Linux ndi Bonjour pa zida za Apple, makina amafuula pa netiweki kufunsa mwini dzina mmalo mofunsa seva ya DNS. Ukaigwiritsa ntchito ngati domain wamba zida zina zimafunsa uku zina uko. Kungopeka mathero ako nakonso nkoopsa, anthu ambiri ankagwiritsa ntchito .dev mkati mwa maofesi awo mpaka Google inaitenga kukhala domain yeniyeni ndipo ma browser anayamba kuikakamiza HTTPS, zinthu zawo zinaima. Zotetezeka zilipo, home.arpa ya mu 2018, ndi .internal yomwe ICANN inapatula mu 2024. Koma poti tili ndi domain yathuyathu ndasankha ofesi.example.org, palibe angadzatilande, ndipo tikadzafuna satifiketi ya makina a mkati tikhoza kuipeza kudzera pa DNS-01, kutsimikizira ndi rekodi ya DNS, popanda kutsegula khomo lililonse kunja.

Ndayika dnsmasq pa mlombwa kuti aziyankha mayina a mkati. Anakana kuyamba poyamba, akuti port 53 ili ndi mwini, yemwe ndi systemd-resolved pa 127.0.0.53. Sindinamuchotse resolved, ndangomuuza dnsmasq kuti listen-address=192.168.1.5 ndi bind-interfaces, aliyense akhale pa khomo lake. Kenako local=/ofesi.example.org/ kuti mafunso a mkati asamatuluke kunja. Mayinawo ndawalemba mu fayilo yapadera kudzera pa addn-hosts nkuyika no-hosts, chifukwa dnsmasq akawerenga /etc/hosts ya mlombwa akhoza kumauza makompyuta ena kuti mlombwa ali pa 127.0.1.1, aliyense nkumadzifunafuna yekha. Pa rauta ndamumangirira mlombwa pa 192.168.1.5, printa pa 192.168.1.6, nkuuza DHCP kuti izipereka mlombwa ngati DNS.

Apa pali chomwe sichikundisangalatsa ndipo ndikuchilemba kuti chisaiwalike. mlombwa akazima, ofesi yonse ikhala ngati intaneti yathima ngakhale ilipo, chifukwa palibe woyankha mayina. Magetsi akabwera rauta imayaka msanga kuposa kompyuta yakaleyo. Ndasintha mu BIOS kuti iziyaka yokha magetsi akabwera, koma yankho lenileni ndi ka UPS, ndalemba kale pa pepala la zofunika kugula. Kuyika DNS yachiwiri yakunja pa rauta kumaoneka ngati yankho koma zida zina zimasankha iliyonse mwa ziwirizo, ndiye mayina a mkati azipezeka mwa apo ndi apo, vuto la printa lija libwereranso ndi nkhope ina.

Foni ya mnyamata wolemba matumba inakana kupeza printa.ofesi.example.org pomwe ena onse akuipeza. Mu Android mwake anayatsa Private DNS nkulembamo dzina la seva yakunja, ndiye mafunso ake onse amadumpha mlombwa. Tinaibweza pa automatic, inapeza.

Za ma backup, IP yomwe rauta yapatsidwa kunja ikuyamba ndi 100.64, kutanthauza kuti tili kuseri kwa CGNAT, tikugawana IP imodzi ndi anthu ena ambiri ndipo palibe angagogode kuchokera kunja ngakhale titaipatsa dzina lokongola bwanji. Ndiye mbawa sangakankhire mafayilo ku ofesi, mlombwa ndiye azipita kukatenga yekha usiku ndi rsync pa SSH, pogwiritsa ntchito dzina loti mbawa.example.org osati IP. Ndi bwinonso choncho, seva ya pa intaneti ikadzathyoledwa wakubayo sadzapeza kiyi yolowera komwe kuli ma backup.

Lachisanu

TTL ndaikweza kufika 3600 popeza masiku anayi adutsa popanda chovuta. Seva yakale sindinaizimitse, ikhale sabata ina imodzi ndikuyang'ana log yake ngati pali amene akufikabe kumeneko.

Ndalemba pepala limodzi, ndasindikiza awiri, lina lili mu fayilo ya amayi a ku ofesi lina kwa bambo wapampando. Pali mayina onse ndi komwe lililonse likuloza, komwe domain inalembetsedwa ndi tsiku lomwe ikutha, komwe PTR imasinthidwira, ndi chenjezo loti /etc/hosts ya mbawa imasinthidwira mu template. Mapasiwedi sali pamenepo, ali mu envelopu yomata kwa msungichuma. Ndinawawerengera amayi aja mzere ndi mzere mpaka anatha kundifotokozera okha kusiyana kwa mbawa ndi mamembala, akuti wina ndi nyumba wina ndi chikwangwani cha pakhomo.

Zotsala: rekodi ya CAA yoti Let's Encrypt yekha ndiye azipereka satifiketi ya domain yathu, DMARC yoyambira pa p=none kuti tione kaye malipoti tisanayambe kukana makalata, ndi kochenjeza za satifiketi kaja. Backup yoyamba ya mlombwa iyenda usiku uno 1 koloko ngati magetsi akhalepo, Lolemba mmawa ndikaitsegula pa laputopu ndione ngati mayina a mamembala akutulukamo onse.